UTENANTI UDATHA M'MALAMULO, UTHENSO M'MINDA

Chaka chilichonse mwezi wa Epulo ukayandikira, dziko lonse limatchera khutu ku misika ya fodya ya ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma ndi ku Mzuzu, kuti limve mitengo ya tsiku loyamba. Nkoyenera kutero, pakuti kwa zaka zambiri fodya wakhala akubweretsa pafupifupi theka la ndalama zimene Malawi amapeza pogulitsa katundu kunja. Mafuta a galimoto, mankhwala a m'zipatala ndi feteleza zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo limatuluka m'mabelo aja. Koma pamene ogula ndi ogulitsa akuyenda pakati pa mizere ya mabelo, pali munthu mmodzi amene kawirikawiri saoneka pamsikapo. Munthuyo ndiye adathirira nazale m'dzuwa la Okutobala, adawokera mbande mvula ili pamsana, nathyola masamba mame asanakamuke. Aliyense amene ali pa udindo m'Boma kapena m'Chipani ayenera kudzifunsa kuti munthu ameneyu walandira chiyani, ndipo walandira liti.

M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo idayankha funso limeneli mosapita m'mbali. Aphungu adasintha lamulo la zolembana ntchito la m'chaka cha 2000, naikamo mawu oletsa utenanti pamodzi ndi ntchito yokakamiza. Kuyambira pamenepo, kutenga munthu kuti alime pa malo a wina nyengo yonse, n'kudzamulipira pomugula fodya wakeyo atachotsa ngongole, ndi mlandu wokhala ndi chilango cha chindapusa ndi ndende. Wolima m'munda wa mnzake ayenera kukhala wantchito weniweni, wolandira malipiro pa nthawi yake monga wantchito wina aliyense. Boma liyenera kuyamikiridwa chifukwa cha lamulo limeneli. Komabe kudzala sikukolola ayi. Ntchito yotsala ili m'manja mwa iwo amene amalipidwa ndi msonkho wa anthu kuti malamulo a dziko atsatidwe.

Kumene Nkhaniyi Idachokera

Kuti kulemera kwa lamuloli kumveke, nkofunika kubwerera m'mbuyo. Mawu akuti thangata kale adali mawu okoma, otanthauza chithandizo chimene anthu ankapereka mwaufulu kwa mfumu kapena kwa mnansi wawo. Atsamunda atakhazikitsa ulamuliro wawo m'chaka cha 1891, ndipo Azungu owerengeka atapatsidwa zikalata za malo aakulu ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu, Zomba ndi Blantyre, mawuwo adapotozedwa. Munthu wokhala pa malo a Mzungu adayenera kugwira ntchito mwezi umodzi m'malo mwa lendi ndi mwezi wina chifukwa cha msonkho wa nyumba. Koma mwezi wa pa esiteti unkatalika kuposa mwezi wa kumwamba, pakuti kapitawo ankatha kukana kulemba tsiku pa tikiti ngati ndime sidathe. Ntchitoyo inkafunidwa m'dzinja, nthawi yomweyo imene munda wa munthuyo unkalira khasu. Alomwe amene adalowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique, posowa kwina kolowera, ndiwo adasenza goli limeneli koposa.

Pa 23 Januwale 1915 anthu a Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe adaukira atsamunda, ndipo malo amene mkwiyo wawo udagwera kwambiri adali esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene woyang'anira wake, William Jervis Livingstone, adaphedwa. Ngakhale bungwe lofufuza limene atsamunda omwewo adakhazikitsa lidavomereza kuti anthu ankazunzidwa pa esitetiyo. Thangata sadathe nthawi yomweyo. Adautsanso zipolowe ku Thyolo m'chaka cha 1953, ndipo adathetsedwa m'malamulo m'chaka cha 1962, ufulu wa dziko uli pafupi. Lero Chilembwe amakumbukiridwa pa 15 Januwale chaka chilichonse, ndipo nkhope yake ili pa ndalama za dziko lino. Dziko limene limasenza nkhope ya munthu ameneyu m'thumba silingalole kuti chimene iye adachifera chizikhalabe m'minda ndi dzina lina.

Kunena zoona, thangata adafa koma adasiya mwana. M'zaka za m'ma 1920 Azungu olima fodya m'Chigawo cha Pakati adayamba njira ina: kupatsa anthu malo ndi mbewu kuti alime fodya, n'kumugula iwo okha pa mtengo wawo. Nchowawa kunena, koma nchoona, kuti njira imeneyi idakula kwambiri dziko litalandira ufulu. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti adachuluka ku Kasungu, Mchinji, Dowa, Mzimba ndi Rumphi, ndipo eni ake ambiri adali Amalawi. Lamulo la mbewu zapadera linkalola maesiteti okha kulima fodya wa burley, kufikira chaka cha 1990 pamene alimi ang'onoang'ono adayamba kuloledwa. Motero munthu wosauka wofuna kulawa ndalama za fodya ameneyu adalibe khomo lina lolowera koma utenanti.

Mmene Utenanti Umadyera Munthu

Ambiri amene amakhala m'maofesi amamva dzina lokha la utenanti, osadziwa kayendetsedwe kake. Kutangotsala pang'ono kuti nazale ziyambe, m'miyezi ya Ogasiti ndi Sepitembala, malole ankafika m'midzi ya ku Thyolo, Mulanje, Phalombe, Machinga ndi Mangochi, kumene anthu ndi ambiri ndipo malo olima ndi ochepa. Bambo ankakwera pamodzi ndi mkazi wake ndi ana. Atafika pa esiteti ankamanga kanyumba ka udzu, napatsidwa ndime, mbewu, feteleza, makasu ndi phoso la chimanga. Zonsezi sizidali mphatso. Zinkalembedwa m'buku monga ngongole, pa mtengo woikidwa ndi mwini munda, ndipo bukulo linkasungidwa ndi mwini munda yemweyo. Nthawi zina ngakhale ulendo wa pa lole uja unkalowa m'bukumo. Mwana akadwala, ndalama ya kuchipatala inkalowanso momwemo.

Banjalo linkagwira ntchito miyezi isanu ndi inayi kapena khumi popanda malipiro: kuthirira, kuwokera, kupalira, kubandira, kuthyola, kusoka, kupachika m'zigafa ndi kusankha masamba. Pamapeto pake mwini munda ndiye ankanena kuti fodyayo ndi wa mtundu wanji, ndiye ankayeza pa sikelo, ndiye ankaika mtengo, ndiyenso ankachotsa ngongole. Wogula, woyeza ndi woweruza adali munthu mmodzi. Matalala akagwa kapena mvula ikadula, chitayiko chinkagwera tenanti, amene sadali mwini wa malo kapena wa fodyayo. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Malipiro a tenanti adali a pachala chaka chonse. Ena ankabwerera kwawo ndi njinga kapena wailesi, ndipo nkhani zawo ndizo zinkakopa anzawo. Ambiri ankatsala ndi ndalama zosakwana ngakhale ulendo wobwerera, kapena ndi ngongole yowamanga pa esitetipo chaka china. Munthu amene sangathe kuchoka pa ntchito chifukwa cha ngongole imene sadaione ikulembedwa sali mfulu, ngakhale pakhomo pake palibe unyolo.

Choipa chachikulu cha utenanti chili pa ana. Pangano linkachitika ndi bambo yekha, koma ndime inkaperekedwa molingana ndi manja a banja lonse. Mayi ankagwira ntchito yosalembedwa paliponse, ndipo mwana ankasiya sukulu kuti akasoke fodya. Azaumoyo adatsimikiza kale kuti masamba aawisi a fodya, makamaka akanyowa ndi mame kapena mvula, amalowetsa nikotini m'thupi kudzera pakhungu, ndipo munthu amamva chizungulire, mutu ndi mseru. Mwana, pokhala wa thupi laling'ono, amavutika koposa. Kafukufuku wa Boma wa m'chaka cha 2015 adapeza kuti ana 38 mwa ana 100 alionse a zaka zapakati pa 5 ndi 17 ankagwira ntchito zosayenera msinkhu wawo, ndipo ambiri mwa iwo adali m'ntchito za ulimi. M'mera mpoyamba. Mwana amene wakulira m'chigafa osadziwa kuwerenga adzakwera lole yomwe ija akadzakula, ndipo adzasayina ndi chala pangano limene sangathe kuliwerenga.

Zimene Boma Lidachita

Lamulo la 2021 silidagwe kuchokera kumwamba. Lidamangidwa pa maziko amene dziko lidaika pang'onopang'ono. Malamulo aakulu a dziko lino a m'chaka cha 1994, m'ndime 27, amaletsa ukapolo, ntchito yokakamiza ndi ntchito yomanga munthu mofanana ndi ukapolo, ndipo m'ndime 31 amapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo, motetezeka ndi kulandira malipiro oyenera. M'chaka cha 1996 kudabwera lamulo la ubale wa pakati pa olemba ndi olembedwa ntchito, loteteza ufulu wolowa m'mabungwe a antchito. M'chaka cha 1997 kudabwera lamulo la chitetezo ndi umoyo pa malo a ntchito. M'chaka cha 2000 kudabwera lamulo la zolembana ntchito, loletsa kulemba mwana wosakwana zaka 14 ndi kupatsa ntchito yoopsa aliyense wosakwana zaka 18, pamodzi ndi lamulo la chipukutamisozi cha wovulala pa ntchito. Palinso khoti lapadera loweruza milandu ya za ntchito.

Kunja kwa dziko, Malawi adalowa m'bungwe la za ntchito la dziko lonse lapansi la ILO m'chaka cha 1965. M'chaka cha 1999 adavomereza mapangano a nambala 138 ndi 182 okhudza ntchito za ana, ndipo m'mwezi wa Novembala 2019 adavomereza pangano loonjezera lolimbana ndi ntchito yokakamiza pamodzi ndi pangano la chitetezo ndi umoyo pa ntchito za ulimi. Pa za utenanti penipeni, bilu yofuna kuukonza idalembedwa m'chaka cha 1995, koma idakhala m'madirowa zaka zoposa makumi awiri osasanduka lamulo. Potsiriza Boma lidaona kuti chinthu chimenechi sichikonzeka, nchofunika kuchizula ndi mizu yomwe. Lidakwezanso malipiro otsikitsitsa a antchito ambiri kufika pa K50,000 pamwezi m'chaka cha 2021, K90,000 m'chaka cha 2024 ndi K126,000 m'chaka cha 2025, potsatira kukwera mitengo kwa zinthu ndi kugwa mphamvu kwa kwacha, imene idatsitsidwa ndi 44 peresenti m'mwezi wa Novembala 2023.

Ufulu wa Wantchito Ndi Chuma Cha Dziko

Alipo ena amene amaganiza kuti ufulu wa antchito ndi nkhani ya chifundo chabe, yoti ikambidwe dziko likadzalemera. Anthu otere aiwala msanga zimene zidachitika pa 1 Novembala 2019. Tsiku limenelo akuluakulu oona za katundu wolowa m'dziko la America adalamula kuti fodya yense wochokera ku Malawi aziimitsidwa pa madoko awo, chifukwa cha malipoti a ntchito yokakamiza ndi ntchito za ana. Makampani ena adaloledwanso kutumiza fodya wawo m'miyezi yotsatira, koma adayamba aonetsa umboni wa mmene fodyayo adalimidwira. Phunziro lake ndi lomveka. Wogula wa masiku ano safunsa za mtundu ndi kulemera kwa tsamba kokha ayi. Amafunsanso za dzanja limene lidathyola tsambalo. Mwini esiteti mmodzi wosunga tenanti mobisa akhoza kutsekera msika alimi zikwizikwi osalakwa. Funso lomwelo likhoza kufunsidwa pa tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, shuga wa ku Nchalo ndi Dwangwa, ndi mbewu ina iliyonse yotumizidwa kunja.

Palinso chifukwa china cha m'dziko momwe muno. Wantchito wolandira ndalama mwezi ndi mwezi amagula sopo, mchere, chitenje ndi makope a mwana pa sitolo ya pafupi. Wasitolo amaoda katundu wina, telala amapeza chosoka, wachigayo amapeza chogaya, ndipo Boma limapeza msonkho. Ndalama yomweyo ikakhala m'buku la ngongole miyezi khumi, palibe chimene imayendetsa. Masomphenya a Malawi 2063, amene adakhazikitsidwa m'mwezi wa Januwale 2021, adaima pa nsanamira zitatu: ulimi wopindulitsa ndi wamalonda, mafakitale, ndi kukula kwa mizinda. Fakitale imafuna anthu odziwa kuwerenga malangizo a makina, ndipo imafunanso anthu okhala ndi ndalama zogulira zimene yapanga. Ana ochotsedwa m'kalasi sadzayendetsa makinawo, ndipo makolo olipidwa ndi phoso sadzagula katunduyo. Choncho wonyalanyaza wantchito wa kumunda akugwetsa nsanamira zonse zitatu nthawi imodzi.

Madandaulo Oyenera Kumvedwa

Sikungakhale chilungamo kunena ngati eni minda onse ndi ankhanza. Ambiri mwa iwo si eni chuma ayi. Ndi alimi a mahekitala ochepa, aphunzitsi opuma ntchito ndi amalonda ang'onoang'ono, amene ndalama amaziona kamodzi pachaka fodya akagulitsidwa. Dandaulo lawo ndi lakuti malipiro a mwezi ndi mwezi awatenga kuti pakati pa Sepitembala ndi Epulo. Pa mlingo wa chaka cha 2025, wantchito mmodzi kwa miyezi khumi ndi K1,260,000, ndipo hekitala ya fodya siilimidwa ndi munthu mmodzi. Funso limeneli ndi lenileni, ndipo wolinyoza sakuthandiza tenanti.

Koma funsoli likuulula chinsinsi chimene chidabisika zaka zambiri. Ngati mlimi sangathe kulipira antchito ake mpaka atagulitsa, ndiye kuti kwa zaka zonsezi tenanti ndiye adali banki ya mlimiyo. Munthu wosaukitsitsa m'dziko ndiye ankabwereketsa thukuta lake miyezi khumi popanda chiwongoladzanja, nasenzanso chitayiko mvula ikavuta. Katundu ameneyu ayenera kuchoka pamutu pake n'kupita kwa amene ali ndi mphamvu zomusenza. Kuyambira m'chaka cha 2012 fodya wambiri wa m'dziko muno amalimidwa pa mgwirizano wa pakati pa mlimi ndi kampani yogula, ndipo kaamba ka mgwirizanowo alimi ena amalandira feteleza ndi mbewu pa ngongole. Ngati feteleza angathe kuperekedwa nyengo isanayambe, malipiro a wantchito angathenso kuperekedwa mwa njira yomweyo, n'kufika m'manja mwa wantchitoyo mwezi uliwonse, ngakhale pa foni ya m'manja. Ndipo pokambirana mitengo yotsikitsitsa ya fodya chaka ndi chaka, malipiro a wantchito ayenera kuwerengedwa mokwanira monga mmene amawerengedwera feteleza. Fodya amene mtengo wake sungathe kulipira womulima si wopindulitsa; phindu lake likuchokera m'mimba mwa munthu wina.

Dandaulo lachiwiri limachokera kwa matenanti ena eni ake, amene amati ndalama ya pamodzi kumapeto kwa nyengo inkawathandiza kugula malata kapena mbuzi, pamene ya pamwezi imathera m'manja. Yankho lake sikubwerera ku buku la ngongole. Yankho lili m'mabanki a m'mudzi ndi m'mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama, kumene munthu amasunga ndalama yake mwa kufuna kwake ndipo amaona ndi maso ake zimene zalembedwa. Mwini munda wofuna kuyamika antchito ake fodya akagulidwa bwino palibe womuletsa kupereka bonasi, malinga ikhale pamwamba pa malipiro, osati m'malo mwa malipiro.

Chachitatu, ndi choopsa koposa, nchakuti utenanti ukhoza kungosintha malaya. Tenanti wadzulo akhoza kutchedwa waganyu, kapena mbale wochokera kumudzi, kapena mnzake wa mwini munda pa bizinesi, pamene buku la ngongole likadali pomwepo pansi pa pilo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Woyendera minda asakhutire ndi dzina limene wauzidwa. Afunse kuti munthuyo adalandira liti ndalama komaliza, zingati, ndani amasunga chiphaso chake, ndipo atafuna kuchoka mawa angachoke kodi.

Udindo Wa Aliyense

Mutu umodzi susenza denga. Ofesi ya za ntchito ya pa boma ili ndi mphamvu, mwa lamulo, yolowa pa malo a ntchito, kuona mabuku a malipiro ndi kufunsa antchito paokha. Mphamvu imeneyi ilibe phindu ngati mkulu wa ofesiyo alibe njinga yamoto kapena mafuta ofikira ku esiteti imene ili kutali ndi msewu wa tala. Amene amagawa ndalama za Boma ku likulu ndi ku makhonsolo adziwe kuti mafuta a woyendera minda ndi otsika mtengo kuposa msika wotsekedwa. Nayenso woyenderayo apite m'nyengo yoyenera: m'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala pamene anthu akulembedwa, ndi m'miyezi ya Januwale mpaka Malichi pamene ntchito yothyola ndi kusoka yafika pachimake ndipo ana amasowa m'makalasi. Asalengeze za ulendo wake, ndipo asalandire nkhuku kapena thumba la mtedza pochoka. Wantchito wa Boma amene wadya za mwini munda watseka pakamwa pake pomwe.

Mlangizi wa zaulimi amafika m'minda imene wa za ntchito safikako, ndipo maso amene amaona matenda pa tsamba akhoza kuonanso mwana m'chigafa. Mphunzitsi wamkulu ali ndi kaundula amene amanena zoona kuposa lipoti lililonse. Mayina akayamba kusowa fodya akakhwima, adziwitse komiti ya sukulu, mfumu ndi ofesi ya za ntchito. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira m'chaka cha 1994, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 lidati ndi okakamiza. Mafumu a m'madera kumene malole amatengako anthu asalole mwana wa m'mudzi mwawo kukwera popanda pangano lolembedwa m'chilankhulo chimene akumva, lonena malipiro, nyumba, chakudya ndi ulendo wobwerera. Apolisi a pamsewu akaona lole yodzaza mabanja ndi mitolo yawo ali ndi chifukwa chokwanira chofunsira mafunso. Mabungwe a antchito, monga MCTU ndi bungwe la antchito a mu fodya, pamodzi ndi bungwe la olemba ntchito la ECAM ndi la alimi la TAMA, alandiridwe monga anzake a Boma pa ntchito imeneyi, pakuti amamva zimene ofesi siingamve.

Atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera ali ndi udindo wapadera, ndipo ndi udindo wovuta. Iwo amakhala pakati pa anthu, amadziwa munda uliwonse ndi mwini wake. Ena mwa iwo, pamodzi ndi ena mwa akuluakulu ogwira ntchito m'Boma, ali ndi minda ya fodya iwo eni. Apa ndipo pagona nkhani. Mtsogoleri amene amayamikira lamulo pa msonkhano masana, madzulo n'kukatsegula buku la ngongole la matenanti ake, akunyozetsa Boma limene akuti amalikonda, ndipo anthu amaona. Kutsata lamuloli kuyambire pa munda wa wapampando, wa phungu, wa khansala ndi wa mlembi wamkulu. Ndipo zikachitika kuti wogwidwa ndi lamulo ndi membala wokhulupirika, pasapezeke woimba foni ku ofesi ya za ntchito kapena ku polisi kuti mlanduwo uzizire. Khadi la Chipani si chishango cha wophwanya malamulo a dziko.

Nthaka, Mitengo Ndi Za Mawa

Chuma chokhalitsa chimafuna kuti munthu ndi nthaka asamalidwe pamodzi, pakuti mtima umene umafinya wantchito ndi womwewo umene umafinya munda. Tenanti wodziwa kuti chaka chamawa sadzakhalapo alibe chifukwa chodzalira mtengo kapena kumanga mgula woteteza nthaka. Fodya wootcha m'mabalani amadya nkhuni, wa burley amadya mitengo ya zigafa, ndipo nkhalango zambiri za m'madera a fodya zidapita. Mitengo ikatha m'mapiri, mvula imakokolola nthaka kupita nayo m'mitsinje, ndipo matope amakatsamwitsa makina a magetsi pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana adaononga Kapichira m'mwezi wa Januwale 2022, ndipo wa Freddy adapha anthu ambirimbiri m'Chigawo cha Kummwera m'mwezi wa Malichi 2023, m'maboma omwe aja a Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Chiradzulu. Banja limene munda wake wakokoloka ndilo loyamba kukwera lole. Motero kudzala mitengo ndi kuthetsa utenanti ndi ntchito imodzi.

Nkofunikanso kuyang'ana patsogolo mosadzinamiza. Kalembera wa m'chaka cha 1966 adapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'dziko muno. Wa m'chaka cha 2018 adapeza oposa 17.5 miliyoni, pa nthaka yomweyo. Maiko ambiri akulimbana ndi kusuta, ndipo Malawi naye adalowa m'pangano la bungwe la zaumoyo la WHO loletsa kufala kwa fodya m'chaka cha 2023. Fodya sadzasenza dziko lino mpaka muyaya. Soya, mtedza, nandolo, mpendadzuwa ndi makademiya zikupeza misika, ndipo ulimi wothirira ungapatse munthu ntchito ya chaka chonse m'malo mwa ya nyengo imodzi. Koma pasakhale wonyengeka kuti kusintha mbewu pakokha kudzasintha moyo wa wolima. Thangata adayamba pa khofi ndi thonje, nasamukira pa tiyi ndi fodya. Utenanti ukhozanso kusamukira pa soya ngati ukasiyidwa ndi moyo. Minda ikuluikulu yatsopano imene dziko likufuna iyambe ndi buku la malipiro loyera kuchokera tsiku loyamba.

Makolo a dziko lino adakana thangata pamaso pa mfuti za atsamunda. Mbadwo uno supemphedwa kukhetsa mwazi. Ukupemphedwa kutsata lamulo limene aphungu ake omwe adapanga m'chaka cha 2021. Nyengo ina ya nazale ikubwera, ndipo malole adzafikanso m'midzi ya ku Phalombe ndi Machinga. Pakati pa tsiku limenelo ndi tsiku lotsegulira msika pali miyezi isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu, ndipo kumapeto kwa mwezi uliwonse wolima fodya ayenera kulandira ndalama yake m'manja, mwana wake ali m'kalasi. Mkulu wa za ntchito, mlangizi, mphunzitsi, mfumu ndi wapampando wa nthambi, aliyense adzayezedwa ndi muyeso umenewu m'dera lake.